Boganivila wa mumphika akamangobiriwira osachita maluwa: chitani izi muno mu Joni

Mwezi wa Novembala, maluwa a jakaranda atayamba kuyoyokera m'misewu, alamu anga a ku Rosettenville anandiimbira foni. "Alamu, inu ndinu a m'gadeni, tabwerani mudzandionere duwa langali. Kuthirira ndikuthirira, feteleza ndathira, mphika ndagula watsopano, koma langoti biriwiri ngati mpanda." Ndinapitako Lamlungu titaweruka kutchalitchi. Ndinapeza boganivila wa masamba akuluakulu onyezimira, nthambi zake zazitali zaminga zitakwawira pa zitsulo za pakhonde, koma duwa ngakhale limodzi panalibe. Khondelo linayang'ana kumwera. Mphika unali m'beseni la madzi, ndipo pambali pake panali kathumba ka feteleza wa pa kapinga wotchedwa LAN kamene achimwene anachita kupatsidwa kuntchito.

Ndakhala ndikugwira ntchito ya m'gadeni cha ku Randburg kwa zaka zingapo, ndipo vuto limeneli ndimalipeza m'nyumba za mabwana ndi m'mayadi a anzathu omwe. Kawirikawiri mwini wake sakhala mlesi ayi. Amakhala munthu wokonda duwa lake, amene walipembedza mopitirira. Boganivila akapeza madzi tsiku ndi tsiku, chakudya chambiri ndi malo otakasuka, amangotulutsa nthambi ndi masamba. Amachita maluwa akapsa ndi dzuwa, ludzu likamugwirako ndipo mizu ikapanikizika. Kumbukirani nthawi imene amafiira psuu m'mipanda ya ku Zomba kapena ku Mangochi: ndi m'chilimwe, udzu utauma, fumbi lili koboo, popanda womuthirira.

Kwawo kwenikweni kwa duwali ndi ku South America. Azungu a ku France anakalipeza ku Brazil m'zaka za m'ma 1760, n'kulitcha dzina la mkulu wa ulendo wawo wa pamadzi, Louis Antoine de Bougainville. Zofiira kapena zapinki zimene timati maluwa zija kwenikweni ndi timasamba topyapyala ngati pepala. Duwa lenileni ndi kakang'ono koyera kali pakati, ndipo timakhala titatu pamodzi. Chofunika kuchigwira pamenepa n'chakuti timasamba tamitunduti timatuluka kunsonga kwa mphukira zatsopano, osati pa nthambi zakale zokhwima. Zonse zimene ndinene m'munsimu zikuchokera pamenepo.

Choyamba, werengani maola a dzuwa

Musagule kanthu musanachite zimenezi. Tsiku limene simukupita kuntchito, yang'anani nthawi imene dzuwa lafika pa mphikawo ndi nthawi imene lachoka. Ndikunena dzuwa lenileni lowotcha, osati kuwala kodutsa m'masamba a mtengo kapena pagalasi la zenera. Boganivila amafuna maola 6 kapena kuposerapo. Akamapeza 3 kapena 4 adzakhala ndi moyo ndithu, koma maluwa muwaiwale.

Apa pali chimene ife obwera kuchokera kumudzi timasokonezeka nacho. Ku Malawi dzuwa la masana limadutsa chakumpoto miyezi ina, chakumwera miyezi ina, motero mbali zonse za nyumba zimalandirako. Johannesburg ali kumwera kwambiri, pa madigiri 26, ndiye dzuwa la masana limakhala chakumpoto chaka chonse. Khoma loyang'ana kumwera, ngati la alamu anga lija, limakhala mumthunzi pafupifupi tsiku lonse, makamaka m'nyengo yozizira. Malo abwino ndi khoma loyang'ana kumpoto, kenako loyang'ana kumadzulo. Khoma la njerwa n'labwino koposa chifukwa limasunga kutentha kwa masana n'kumakutulutsa usiku. Ngati kumpoto sikukudziwika bwino, imani panja nthawi ya 12 koloko mwezi wa Juni: kumene kuli dzuwa ndiko kumpoto, kumene kwagwera chithunzithunzi chanu ndiko kumwera. Chenjeraninso ndi denga lotulukira kunja. M'Disembala dzuwa limakhala pafupifupi paliwombo, ndiye mphika umene wagunda khoma umaphimbidwa ndi mthunzi wa dengalo. Usendezeni pang'ono kubwalo.

Duwa limene lakhala mumthunzi nthawi yaitali musalitulutsire padzuwa la tsiku lonse kamodzin'kamodzi. Dzuwa la kuno limaluma, pajatu mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, pamwamba kuposa tauni ya Dedza. Kwa sabata imodzi liikeni pamene likupeza dzuwa la m'mawa lokha, kenako mulisunthire pamalo pake. Masamba ena adzayoyoka ndithu. Musadandaule nazo, ndipo musathamangire keni.

Chachiwiri, madzi, ndipo apa ndikhalitsapo

Chotsani mbale kapena beseni limene lili pansi pa mphika. Pendeketsani mphikawo muone mabowo ake. Ngati alipo amodzi okha kapena atsekeka ndi matope, boolani ena atatu kapena anayi. Wapulasitiki umabooka ndi msomali wotentha. Ukhazikeni pa njerwa ziwiri kuti madzi azituluka momasuka. Mizu ya boganivila ndi yopyapyala ngati ulusi, ndipo ikakhala m'madzi masiku angapo imayamba kuwola. Nditazula pang'ono dothi la m'mphika wa alamu lija, linali lozizira, lomata m'zala ngati makande a kudambo, likununkha chithaphwi.

Kuthirira kwake kuli motere. Lowetsani chala m'dothi mpaka chonse chimire. Mukamva chinyontho, musathirire, ngakhale pamwamba pakuoneka pouma. Mukamva kuti pauma mpaka kunsonga kwa chala, thirani madzi ambiri pang'onopang'ono mpaka atulukire pansi, kenako musiyeni aumenso. Kathiridwe ka kapu imodzi m'mawa uliwonse n'koipa kuposa zonse, chifukwa pamwamba sipauma pomwe mizu yapansi siimwa.

Kwa duwa limene lakana maluwa kwa nthawi yaitali, pitirirani pamenepo. Lisiyeni mpaka muone nsonga zanthete zayamba kuwerama ndipo masamba afota pang'ono m'mawa. Ndati m'mawa, chifukwa masana a Okutobala ngakhale duwa lokhuta madzi limafota ndi kutentha. Mukaona kufota kwa m'mawako, thirirani mokwanira tsiku lomwelo. Bwerezani zimenezi kwa masabata atatu kapena anayi. Mtima umawawa kuliona duwa likuwerama madzi ali pompo pampopi, ndikudziwa, ndipo ambiri amagonja tsiku lachitatu. Koma ludzu limeneli ndi limene limaletsa nthambi kumangothamanga, n'kuyamba kumanga maluwa kunsonga. Chokhacho musafike poti masamba aume gwaa n'kumathetheka m'manja. Kufota pang'ono basi.

Masiku ake sindingakupatseni chiwerengero chimodzi, chifukwa zimatengera mphika. Wadothi umauma msanga kusiyana ndi wapulasitiki, waung'ono umauma msanga kusiyana ndi waukulu. M'Seputembala ndi Okutobala, mvula isanayambe, mphepo ili youma, mphika waung'ono ungafune madzi masiku awiri alionse. Chala chanu ndicho chikuuzeni.

Vuto la kuno n'lakuti mvula imagwa nthawi yotentha, kuyambira cha m'Okutobala mpaka Epulo, nthawi yomwe tikufuna duwa limve ludzu. Mvula ya mabingu ya madzulo ija, yogwa ola limodzi n'kukata, siivuta ngati mabowo ali bwino. Yovuta ndi yamvumbi, yogwa masiku atatu anayi osalekeza m'Januwale kapena Febuluwale. Imeneyo ikayamba, kokerani mphika pansi pa denga, ndipo kukacha muubwezere padzuwa. Ubwino wa duwa la mumphika ndi umenewu, loti lili m'nthaka simungalithawitse. Matalala akalisasantha masamba, ingodulani nsonga zothyoka, limaphukanso.

Kwa anzanga ogwira ntchito m'nyumba zimene muli mipope yothirira kapinga yodzitsegukira yokha: onetsetsani kuti madzi ake sakufika pa boganivila. Nyumba zambiri vuto limakhala lomwelo, ndipo adona amadabwa kuti duwa likusowanji. Afotokozereni mwaulemu, muwapemphe mwezi umodzi woti muyese njira imeneyi. Ndipo inu okhala m'zipinda za kuseri kwa yadi, madzi ochapira zovala a sopo waufa kapena Jik musathire mumphika. M'nthaka amasungunuka n'kupita, koma mumphika mchere wake umaunjikana n'kuwotcha mizu. Otsukira mpunga kapena ndiwo zamasamba alibe vuto.

Chachitatu, feteleza

Ife tinakulira m'munda wa chimanga, ndipo timadziwa kuti pali feteleza wokulitsa ndi wobereketsa. Wobereketsa ndi Urea. Ndiye munthu akaona duwa silikubereka, maganizo amathamangira komweko, ndipo kuno chofanana nacho chopezeka msanga ndi LAN wothira pa kapinga. Apa m'pamene timaphonya. Urea ali ndi nayitirojeni wokwana magawo 46 pa 100, LAN ali ndi 28, ndipo ntchito ya nayitirojeni ndi kukulitsa masamba ndi tsinde. Pa chimanga zimathandiza, pa kapinga ndiye zofunika zenizenizo. Pa boganivila zimabweretsa nthambi zonenepa zazitali za minga ikuluikulu zija, zopanda duwa. Manyowa a nkhuku ochuluka amachitanso chimodzimodzi.

Ngati mwakhala mukuthira zoterezi, lekani lero. Tsirani madzi ambiri kamodzi, mwina ndowa ziwiri, kuti atsuke zotsalira zitulukire pansi, kenako mukhale masabata 6 osathira feteleza aliyense. Nthawi imeneyi igwirizane ndi masabata a ludzu aja.

Ikatha nthawiyo, pitani kunazale kapena kusitolo ya zipangizo mukafunse feteleza wa 3:1:5. Manambala atatuwo akuimira nayitirojeni, fosiforasi ndi potaziyamu motsatana chomwecho. Mukuona kuti yomaliza ndiyo yaikulu. Potaziyamu ndi amene amathandiza maluwa ndi zipatso. Wa 2:3:2 ndi wobzalira, musamusokoneze ndi ameneyu. Pa mphika wa masentimita 30 mpaka 40 kukamwa kwake, ine ndimathira supuni yaikulu imodzi yosasefukira, koma werenganinso zolembedwa pa paketi chifukwa mphamvu zake zimasiyana. Thirirani kaye dothi linyowe, mwazani fetelezayo m'mphepete mwa mphika kutali ndi tsinde, mukwirire pang'ono ndi chala, n'kuthiriranso. Pa dothi louma amawotcha mizu. Chitani zimenezi masabata 6 alionse kuyambira Seputembala mpaka Malichi, ndipo mukakayika, chepetsani.

Masamba akale akamachita chikasu pakati koma mitsempha yake ili yobiriwira, nthawi zambiri ndi kuchepa kwa maginiziyamu. Sungunulani supuni yaing'ono ya Epsom salt, mchere wokhala ndi maginiziyamu, m'malita 5 a madzi muthirire kamodzi. Koma yambani mwaona ngati dothi silinanyowe mopitirira, chifukwa mizu yomira m'madzi imalephera kukoka chakudya ngakhale chilipo.

Chachinayi, musathamangire mphika waukulu

Alamu anga anachotsa duwa lawo mu kamphika kamene anagulira n'kuliika mu chimphika chachikulu kuwirikiza katatu, poganiza kuti likusowa mpata. Chimene chinachitika n'chakuti mphamvu zonse zinapita kukadzaza dothi latsopanolo ndi mizu, komanso dothi lochulukalo linkasunga madzi masiku ambiri. Boganivila amachita bwino mizu ikathinana. Ngati mwasamutsa kale, musabwezerenso, kumuvutitsa kawiri n'koopsa. Ingosamalani kathiridwe mpaka mizu idzaze.

Kusamutsa kumafunika pokhapokha mizu yatulukira m'mabowo yambirimbiri ndipo madzi akungodutsa osaima, duwa likufota tsiku lomwelo mwathirira. Zikafika apo, dikirani Seputembala. Pezani mphika woposa wakalewo ndi masentimita 5 okha. Sakanizani magawo awiri a dothi la m'matumba la kunazale ndi gawo limodzi la mchenga wa kumtsinje wokhakhala, muwonjezeko dzanja limodzi la ufa wa mafupa. Mchenga wosalala wopakira pulasitala ayi, umatseka mpweya. Dothi lofiira la payadi palokha nalonso limauma ngati njerwa mumphika. Posamutsa musakoke tsinde. Mizu yake siigwira dothi mwamphamvu, ndiye mukakoka dothi limagumuka, mizu n'kuduka, ndipo duwa limatha kufa kumene. Gonekani mphika chammbali, ngati ndi wapulasitiki ung'ambeni ndi mpeni, munyamule chibuma chonse ndi manja awiri. Musachimasule kapena kuchigwedeza. Chikhazikeni pa msinkhu womwe chinali, osakwirira tsinde.

Chachisanu, kudulira

Valani magolovesi. Minga ya boganivila ikakulasani pamatupa ndipo pamawawa masiku angapo.

Kudulira kwakukulu kumachitika kamodzi pachaka, chisanu chikatha, kumapeto kwa Ogasiti kapena m'Seputembala. Yambani ndi nthambi zouma ndi zopingasana mkati. Kenako chotsani nthambi zonenepa zowongoka zija, zimene zimathamanga kuposa zinzake, muzidulire patsinde penipeni. Zotsalazo zifupikitseni, mudule gawo limodzi mwa magawo atatu, pamwamba pang'ono pa diso la tsamba. Sizasi yake ikhale yakuthwa kuti isatafune nthambi.

Kudulira kwakung'ono ndiko kumachulukitsa maluwa. Amene analimapo fodya akudziwa zimene zimachitika ukadula nsonga: mphukira zimatuluka m'mbali. Pa fodya timazichotsa, koma pano ndi zimene tikuzifuna, chifukwa mphukira iliyonse ndi malo a maluwa. Boganivila amachita maluwa mwa magulu. Amakongola masabata angapo, n'kuyoyola, n'kupuma, n'kuyambiranso. Gulu likangotha, tsinani nsonga iliyonse masentimita awiri kapena atatu. Koma mukaona tinthu tating'ono tamtundu tayamba kuoneka kunsonga, sizasi ikhale pansi. Ndaonapo anthu akumeta boganivila mwezi ndi mwezi kuti akhale wozungulira bwino ngati mpira, osadziwa kuti akutaya maluwa onse asanatuluke. Epulo akadutsa lekani kudulira, chifukwa mphukira zanthete zotuluka nthawi imeneyo zimapsa ndi chisanu.

Tizilombo sitimuvutitsa kwambiri. Nsabwe za m'masamba ndi kodikodi zimakonda nsonga zanthete, ndipo mudzazidziwa ndi nyerere zokwera ndi kutsika patsinde. Madontho ochepa a sopo wotsukira mbale m'lita imodzi ya madzi, kupopera madzulo dzuwa litapepa, kawiri kapena katatu motalikitsa masiku asanu, zimatha. Mbozi zodya masamba usiku ingozitolani ndi tochi.

Chachisanu ndi chimodzi, kumudutsitsa m'nyengo yozizira

Ichi n'chimene kumudzi sitinkachiganizira. Kuno m'Juni ndi Julayi usiku kumatha kuzizira kufika pa 0 kapena kutsikirapo, ndipo m'mawa kapinga amayera mbee. Malo otsika a m'mphepete mwa mitsinje, monga Jukskei, komanso madera a kumwera kwa mzinda ndiwo amazizira kwambiri. A pazitunda ngati Northcliff amapepukidwako. Boganivila wa m'nthaka wokhwima amapirira, koma wa mumphika mizu yake ilibe pobisala.

Pofika Meyi feteleza mukhale mutaleka kale. Gunditsani mphika kukhoma la kumpoto, pansi pa denga. Nthawi imeneyi dzuwa limakhala lotsika ndipo limalowa bwino pansi pake. Thirirani mwa apo ndi apo, mwina kamodzi pa masabata awiri, m'mawa dzuwa litakwera, osati madzulo. Usiku umene kumwamba kwayera, mphepo yaleka, nyenyezi zili ngwee, ndi umene chisanu chimagwa. Fundikani duwalo ndi chiguduli, bulangete lakale kapena nsalu yoyera yotchingira chisanu ya kunazale, mukulungenso mphikawo, ndipo m'mawa muvundukule. Pepala la pulasitiki ayi, pamene lakhudza tsamba pamapsa.

Masamba angathe kuyoyoka onse, duwa n'kutsala mitengo yokhayokha. Ambiri amalitaya pamenepa. Musanatero, kandani khungwa ndi chikhadabo chapafupi ndi tsinde. Mukaona zobiriwira mkati, lili moyo. Nsonga zopsa ndi chisanu zisiyeni pomwepo mpaka Seputembala, zimatchinjiriza zam'munsi.

Tsono mudikire nthawi yaitali bwanji? Mukakonza dzuwa, madzi ndi feteleza m'miyezi yotentha, yembekezerani miyezi iwiri kapena itatu. Amene anasamutsidwira mumphika waukulu angatenge chaka. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo choopsa pa nthawi yodikirayi ndi kusinthasintha: lero kusuntha mphika, mawa kuyesa feteleza wina amene mnansi wanena. Mukamupezera malo, musiyeni pomwepo.

Tsiku lija ku Rosettenville tinanyamula mphika ine ndi achimwene, kuzungulira nawo nyumba mpaka kukhoma la kumpoto pafupi ndi chingwe choyanikira zovala, eni yadi atavomera. Beseni linabwerera kukhitchini, LAN anapita pa kapinga wa kutsogolo. Sabata yachiwiri alamu anaimba ali ndi nkhawa kuti masamba akugwa ndipo nsonga zawerama. Ndinawafunsa ngati zawerama m'mawa kapena masana. Anati masana. Ndinati adikire kuche. Kumayambiriro kwa Febuluwale ananditumizira chithunzi pa WhatsApp: kunsonga kwa nthambi imodzi kunali timasamba titatu tofiirira, tating'ono ngati chikhadabo cha mwana, ndipo nthambi zina ziwiri zinali zitayamba kusintha mtundu. Pansi pake analemba kuti, "Alamu, lija layamba. Mukamabwera mutenge sizasi yanu ija, amayi a khomo loyandikana nafe akufuna muwaonerenso lawo."